Ana a Matchona: Mbiri ya Banja ndi Chitupa pa Njira ya ku Dedza

M'mawa wa mwezi wa Juni, chifunga chikakuta phiri la Dedza, mabasi opita ku Johannesburg amaima pachipata cha m'malire atadzaza thothotho. Anthu amatsika atadzifunditsa zitenje ndi mabulangete, pasipoti ili m'manja, n'kundanda pamzere. Tsidya linalo ndi Calomue, m'dziko la Mozambique. Kutsogolo kuli Tete ndi mlatho wa pa Zambezi, kenako Nyamapanda, Harare ndi Beitbridge. Ambiri pamzerewo akuyenda okha. Ana atsala kumudzi ndi agogo awo, ndipo mkazi kapena mwamuna watsala akupalira kachewere.

Njira imeneyi ndi yakale kuposa mabasiwo. Kwa zaka zoposa 100, anthu a kwa Kachindamoto, kwa Kaphuka, kwa Kasumbu, kwa Kachere ndi kwa Kamenyagwaza akhala akuitsata pofuna ndalama, ndipo m'badwo uliwonse wakumana ndi funso lomwelo: munthu akakhazikika kudziko la eni, abale ake amamutsatira? Nanga ana obadwira kumeneko amakhala a dziko liti?

Masiku ano pali mayiko amene funsoli analiikira mtengo. Dziko la zilumba la St Kitts and Nevis linayamba m'chaka cha 1984 kupereka unzika kwa mlendo amene waika chuma chake m'dzikomo, ndipo Dominica inatsatira mu 1993, Antigua and Barbuda mu 2013. Mu 2024 mayiko a zilumba za Caribbean amene ali ndi ndondomekoyi anagwirizana kuti mtengo usachepere madola 200,000 a ku America. Ku Turkey, kuyambira mu 2022, munthu wogula nyumba kapena malo a madola 400,000 amatha kupempha unzika. Chimene chimakopa anthu achuma kwambiri n'chakuti fomu imodzi imanyamula banja lonse. Ku Turkey amalowetsamo mkazi kapena mwamuna ndi ana osakwana zaka 18. Ku zilumba za Caribbean amalolanso ana akuluakulu amene akadali pasukulu, makolo okalamba amene akudalira wopemphayo, ndipo ku Antigua ndi ku Grenada ngakhale mchimwene kapena mchemwali wosakwatira amalowa nawo, bola ndalama ziwonjezeredwe. Ambiri mwa anthuwa sakhala n'komwe m'dziko limene lawapatsa pasipotilo.

Malonda otere ali ndi owatsutsa. Cyprus inatseka ndondomeko yake mu Novembala 2020 atolankhani a Al Jazeera ataulula zachinyengo, ndipo pa 29 Epulo 2025 khoti lalikulu la mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya linagamula kuti ndondomeko ya Malta ikuphwanya malamulo chifukwa ikusandutsa unzika kukhala katundu wogulitsa. Komabe mfundo ya ndondomekozi ndi yosabisika: woika chuma m'dziko amalowa ndi ana ake omwe.

Anthu a ku Dedza nawonso anaika chuma m'mayiko a eni, kungoti chuma chawo chinali msana ndi mapapo. Zimene anapeza pobweza zinali zosiyana kwambiri.

Nkhani imayamba ndi mzere wa pamapu. Mu Juni 1891 a Britain ndi a Portugal anagwirizana za malire, ndipo mzere wawo unadutsa pamwamba pa mapiri, pakati pa midzi ya Achewa ndi Angoni a Maseko. Phiri la Domwe, kumene Angoniwa anakhala, linagwera ku Angonia, mbali ya Apwitikizi, pamene midzi ina ya anthu omwewo inagwera ku Dedza ndi ku Ntcheu. Mpaka lero, kum'mwera kwa boma la Dedza, msewu waukulu wa ku Blantyre umayenda m'malire enieniwo kwa mtunda wautali, kotero kuti wogula tomato amatha kuwoloka msewu n'kupezeka ali m'dziko lina. Munthu ndi mlongo wake anasanduka anthu a maboma awiri asanasamuke n'komwe.

Pambuyo pa malire panabwera msonkho wa nyumba. Unkafunika kuperekedwa ndi ndalama, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 unkawirikiza kawiri kwa mwamuna amene sanagwireko ntchito kwa mzungu mwezi wathunthu. Ku Dedza kunalibe minda ikuluikulu ya azungu ngati ya ku Thyolo ndi Mulanje, ndipo malipiro a m'dziko muno anali ochepetsetsa. Anyamata anayamba kumanga kamba wa ufa ndi nyemba n'kulowera kum'mwera wapansi. Ankadutsa ku Angonia, kutsikira kuchigwa chotentha cha Zambezi, kuwoloka pa Tete, n'kukatulukira ku Mutoko. Ulendowu unkatenga milungu ingapo, ndipo ena ankatsala panjira chifukwa cha malungo, njala kapena zilombo. Kamuzu Banda mwiniwake, ali mnyamata, anachoka ku Kasungu wapansi cha m'ma 1915 n'kukagwira ntchito pachipatala cha ku Hartley, kumene lero kumatchedwa Chegutu, asanapitirire ku Joni, kutanthauza ku Johannesburg.

Panali njira ziwiri zopitira. Ena ankapita mwa iwo okha, ndipo ankatchedwa aselefu. Ena ankalembedwa ndi mabungwe olemba anthu ntchito: Wenela, amene ankatumiza anthu kumigodi ya golide ya ku South Africa, ndi bungwe la ku Southern Rhodesia limene anthu analipatsa dzina loti Mthandizi. Wenela analetsedwa kulemba anthu a kuno mu 1913 chifukwa ambiri ankafa ndi chibayo m'migodi, koma anabwereranso m'zaka za m'ma 1930. Dzina lake likadalipo pa depoti ya mabasi ku Blantyre. Boma la Southern Rhodesia nalo linaika malole onyamula anthu kwaulere kuchokera kumalire, ndipo anthu ankangowatchula kuti ulere.

Pa nkhani ya banja, mayiko awiriwa anali osiyana. Ku Joni kunalibe kukambirana: mgodi unkafuna mwamuna yekha. Ankagona m'komboni ya amuna okhaokha, pa mabedi a simenti osanjikizana, ndipo kontalakiti ikatha ankabwezedwa kwawo. Mkazi wake analibe khomo lolowera, ndipo zaka zimene mwamunayo anathera pansi pa nthaka, kaya zikhale 20, sizinkamupatsa ufulu wokhala m'dzikolo. Ku Southern Rhodesia zinthu zinali zofewerapo, makamaka m'mafamu a fodya a ku Mashonaland ndi m'migodi monga Shamva ndi Cam and Motor. Eni mafamu anaona kuti mwamuna wokhala ndi banja sathawa ntchito, komanso mkazi ndi ana amathandiza kuthyola ndi kusankha fodya pamalipiro ochepa. Choncho ena anaitanitsa akazi awo kumudzi, ndipo ambiri anakwatira komweko.

Mu 1935 boma la Nyasaland linakhazikitsa komiti yotsogozedwa ndi Travers Lacey kuti ifufuze za anthu opita kunja. Komitiyo inapeza kuti amuna pafupifupi 120,000 anali kunja kwa dziko, kuposa mmodzi mwa amuna anayi aliwonse amphamvu zawo, ndipo gawo lalikulu la iwo linali loti silidzabweranso. Kumudzi anali atawapatsa kale dzina: matchona. Kutchona kunali kusowa osafa. Mkazi wa mtchona sanali wamasiye, choncho sakanametedwa kapena kusudzulidwa, komanso mwamuna analibe. Ankalima yekha, kufolera nyumba yekha, ndipo nthawi zina ankasautsidwa ndi amesenjala pa msonkho wa nyumba ya munthu amene sanamveke kwa zaka zisanu. Ankhoswe ankasowa pogwira: adikire, kapena amasule mbumba yawo ikwatiwenso?

Chaka chotsatira, mu 1936, maboma a Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Southern Rhodesia anasainirana pangano ku Salisbury, kumene lero kumatchedwa Harare, lofuna kuti aliyense wotuluka akhale ndi chitupa ndipo azibwerera kwawo pakatha zaka ziwiri. Pangano lina la mu 1947 linawonjezera kuti gawo la malipiro lizisungidwa kuti munthu akalandirire kwawo, ndipo gawo lina lizitumizidwa kubanja. Mipingo nayo inatsatira anthu ake. Mu 1912 m'busa T.C.B. Vlok wa mishoni ya Dutch Reformed anachoka ku Nkhoma kupita ku Salisbury kukatumikira anthu a ku Nyasaland, ndipo ntchito yakeyo inabala sinodi ya CCAP ya Harare, kumene Chichewa chakhala chikumveka m'nyimbo ndi mu ulaliki kwa zaka zambiri. Gule wamkulu anafika m'makomboni a m'migodi ndi m'mafamu, ndipo Ashona anamutcha zvigure. M'malokeshoni a Mbare, Highfield ndi Mufakose munabadwa mabungwe othandizana pamaliro, poti munthu wopanda mudzi pafupi amafunika omuika m'manda.

Apa mpamene panabadwira vuto limene palibe boma linaliganizira. Kwa Achewa a ku Dedza, mwana ndi wa kuchikazi. Mwamuna amapita kuchikamwini, ndipo mbumba yake yeniyeni ndi alongo ake ndi ana awo. Mwini wa ana ndi mtsibweni wawo, ndipo munda umayenda kuchokera kwa mayi kupita kwa mwana wamkazi. Kwa Ashona zili mosiyana: mwamuna akapereka chuma cha ukwati, ana ndi ake, amatenga mtundu wake, ndipo kwawo ndi kwa bambo. Tsono mwamuna wa ku Linthipe kapena ku Lobi akakwatira mkazi wa Chishona, ana awo ankagwera pakati. Akuchikazi ankati kwanu ndi ku Nyasaland, kwa bambo anu. Akafika ku Dedza, abale a bambo ankawalandira ndi nkhuku, koma pa nkhani ya munda ankawakumbutsa kuti kwawo ndi kumene kunachokera mayi awo. Mwambo uliwonse pawokha unali ndi malo a mwana aliyense, koma miyambo iwiriyi itakumana mwanjira imeneyi, mwanayo anatsala panja.

M'nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kuyambira 1953 mpaka 1963, vutoli silinkaoneka kwenikweni chifukwa mayiko atatuwo anali pansi pa boma limodzi. Chitaganya chitatha ndipo Malawi atalandira ufulu mu 1964, dziko lililonse linayamba kuwerenga anthu ake. Lamulo la unzika la Malawi la mu 1966 silinkalola munthu wamkulu kukhala nzika ya mayiko awiri, ndipo mwana wobadwa ndi unzika wa mbali ziwiri ankayenera kusankha akafika zaka 21. Ana a m'mafamu a ku Bindura kapena Karoi sanamvepo za lamuloli. Ambiri analibe ngakhale kalata ya kubadwa.

Kumbali ya ku Joni, khomo linatsekeka ndi ngozi. Pofika mu 1973 Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa, ndipo Wenela ankawanyamula pandege mpaka ku Francistown, ku Botswana, kumene ankakwera sitima. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa itangonyamuka ku Francistown, n'kupha Amalawi 74 amene ankabwerera kwawo. Kamuzu anaimitsa ntchito yolemba anthu nthawi yomweyo. Inayambiranso mu 1977 pansi pa dzina la Teba, ndi anthu ochepa, n'kudzatheratu mu 1988 maboma awiriwa atasemphana pa zoyeza anthu kachilombo ka HIV. Amuna anabwera ndi njinga, wailesi, masutikesi ndi malata, ena ndi chifuwa cha m'migodi. Mpaka lero okalamba a Teba akadayendera maofesi kufunsa za ndalama zawo.

Dedza inaonanso mbali ina ya nkhaniyi, yolandira. Nkhondo ya pakati pa Frelimo ndi Renamo itakula mu 1986, anthu a ku Angonia anakhamukira tsidya lino, ndipo pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 Malawi ankasunga othawa nkhondo oposa 1 miliyoni. Ku Dedza ndi ku Ntcheu ambiri sanalowe m'misasa. Anamanga m'midzi ya abale awo, poti chilankhulo ndi mafuko zinali zimodzi. Mfumu inkaloza malo, mlamu ankabwereketsa khasu. Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ambiri anabwerera, koma maukwati anali atachitika ndipo ana anali atabadwa. Kumidzi ya m'malire, ubale unagwira ntchito imene chitupa sichikanatha.

Ku Zimbabwe, kumene kale kunkatchedwa Southern Rhodesia, zinthu zinayenda mwina. Dzikolo litalandira ufulu mu 1980, malamulo ake ankalola unzika wa mayiko awiri, koma mu 1983 chilolezocho chinachotsedwa. Zidzukulu za matchona zinapitiriza kukhala monga kale, zikuvota, zikugwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi, ngakhale kuti zinkatchedwa maina onyoza monga mabhurandaya, kutanthauza a ku Blantyre, kapena anthu otsata njanji. Mkuntho unafika mu 2000, pamene kulanda mafamu a azungu kunayamba. Mwa antchito a m'mafamuwo, pafupifupi mmodzi mwa anayi anali wochokera ku Malawi, Mozambique kapena Zambia, kapena mwana wa anthu otero. Famu ikalandidwa, Mshona ankatha kubwerera kumudzi kwawo. Mdzukulu wa mtchona analibe mudzi. Komboni ya pafamupo ndiyo inali kwawo, ndipo manda a agogo ake anali kuseri kwa mabalani a fodya. M'chaka chomwecho Robert Mugabe, pamsonkhano wa ndale, ananyoza anthu a ku Mbare kuti ndi anthu opanda mtundu. Mawuwo anapweteka kwambiri chifukwa anali onama: anthuwo anali a Phiri, a Banda, a Mwale, a Mbewe ndi a Nkhoma, ndipo mafuko awo ankawadziwa bwino lomwe.

Mu Julaye 2001 lamulo latsopano linapereka miyezi isanu ndi umodzi, mpaka pa 6 Januwale 2002, kuti aliyense wokhala ndi unzika wa dziko lina aukane motsata malamulo a dziko linalo, apo ayi ataya unzika wa Zimbabwe. Ofesi ya kalembera, motsogozedwa ndi Tobaiwa Mudede, inatanthauzira lamuloli kuti likukhudza ngakhale munthu wobadwira ku Zimbabwe amene kholo lake linabadwira kunja, kaya iye mwini sanapondepo ku Malawi. Anthu ankayenera kukana chinthu chimene sanakhalepo nacho, ndipo ofesi ya kazembe wa Malawi sikanatha kuchotsa munthu m'kaundula momwe sanalembedwemo. Chisankho cha pulezidenti cha mu Malichi 2002 chinapeza ambiri atachotsedwa pa mndandanda wa ovota, ziphaso zawo zitalembedwa kuti ndi alendo. Mu 2005 boma linagwetsa nyumba zosavomerezeka m'matauni pa ntchito yotchedwa Murambatsvina, ndipo lipoti la United Nations lolembedwa ndi Anna Tibaijuka linati anthu 700,000 anataya pokhala kapena popezera ndalama. Anauzidwa kuti abwerere kumidzi kwawo. Kwa ana a matchona, lamulo limenelo linalibe kolowera.

Kusintha kunabwera pang'onopang'ono. Mu 2003 lamulo linafewetsedwa kwa ana a anthu amene anabwera kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'nyumba kuchokera m'mayiko a SADC. Malamulo oyendetsera dziko a mu 2013 anapita patsogolo: gawo 43 linati munthu wobadwira ku Zimbabwe malamulowo asanayambe, amene kholo lake linali nzika ya dziko la SADC ndipo iye akukhala m'dzikomo, ndi nzika yobadwa. Koma kuti munthu alandire ufuluwo ayenera kusonyeza kalata ya kubadwa, ndipo kuti apeze kalatayo ayenera kusonyeza mapepala a makolo ake, amene ambiri anamwalira opanda pepala lililonse. Mu 2021 bungwe la Amnesty International linatulutsa lipoti losonyeza kuti vutoli likadalipo, ndipo chiwerengero cha bungwe la UNHCR chinali chakuti anthu pafupifupi 300,000 ku Zimbabwe ali pachiopsezo chokhala opanda dziko. Mwana wopanda kalata amavutika kulemba mayeso a boma, ndipo akakula sangathe kulembetsa mwana wake. Kusowa pepala kumayenda m'magazi ngati matenda a kumtundu.

Mu Disembala 2018 Nyumba ya Malamulo ya Malawi inavomereza kuti Mmalawi akhoza kukhala ndi unzika wa mayiko awiri. Amene anamenyera kwambiri lamuloli ndi Amalawi okhala ku Britain, ku America ndi ku South Africa, anthu ophunzira amene ankafuna kumanga nyumba ndi kuyambitsa mabizinesi kwawo popanda kutaya mapasipoti a kumene akukhala. Lamuloli ndi labwino, ndipo likutsegulira khomo ngakhale zidzukulu za matchona. Koma nalonso limafuna umboni wakuti kholo linali nzika ya Malawi.

Poyerekeza mbiri imeneyi ndi mafomu a ku Caribbean, chinthu chimodzi chimaonekera. Wachuma amalembetsa ana ake pa tsiku limodzi, ndipo unzikawo umatha kupitirira kwa ana amene adzabadwe m'tsogolo. Mtchona anapereka zaka 30 kapena 40 ku fodya ndi golide amene anamanga Salisbury ndi Johannesburg, koma zidzukulu zake zikufunsidwabe kuti zitsimikize kuti ndi za kumeneko. Ndipo ngakhale munthu wa ku Dedza atapeza madola 200,000 lero, fomuyo ingamudabwitse. Ili ndi malo a mkazi, ana ndi makolo, koma ilibe malo a mphwake, mwana wa mlongo wake, amene mwa mwambo wa kwawo ndiye woyamba kulipiriridwa sukulu ndiponso wodzalowa dzina lake.

Kuno kumudzi, umboni wa munthu ukadali m'manja mwa anthu omudziwa. Pa kalembera wa ziphaso za unzika wa mu 2017, pamene Amalawi oposa 9 miliyoni analembedwa, amene analibe mapepala ankatha kudalira kalata ya mfumu ndi mboni za m'mudzi. N'chifukwa chake mdzukulu wa mtchona akatsika basi pa Dedza kudzafuna kwawo, funso loyamba limene amakumana nalo ndi lakuti agogo ake anali a mudzi uti, kwa mfumu iti, ndipo alongo awo anali ndani. Amene amangokumbukira dzina loti Dedza amasochera, poti bomali lili ndi anthu oposa 830,000 malinga ndi kalembera wa mu 2018. Amwayi ndi amene m'banja mwawo munasungidwa chitupa chakale cha agogo, chopindika ndi chothimbirira, chimene atsamunda anachipanga kuti azitsatira wantchito ndi msonkho wake. Pachitupapo pamakhala dzina la munthu, boma lake, mfumu yake ndi mudzi wake. Ndi mayina amenewo mlendoyo amakwera kabaza kulowera ku Bembeke, ku Mayani kapena ku Chimbiya, kukafunsa ngati pali agogo aakazi amene akukumbukira mlongo wawo amene anapita ku Halale osabwerako.